Karinya ya alamu isanyamuke

Tete, 9 Junho 1985

Okondedwa achemwali a Perpétua,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumudziko ku Ntengo-Wambalame. Nanga chifuwa cha amayi chayamba kupepuka? Ine kuno ndilipo. Sopo tinamuiwala nkhope, koma ntchito pa ofisina, pagalaja pathu pano, siikusowa: magalimoto amachoka akuyenda okha, pobwera amachita kukokedwa.

Avelino, amene wakupatsani kalatayi, wandiuza kuti alamu a Armindo akufuna kutsika ndi amayi kudzaonana ndi adokotala kuno, pa karinya, galimoto ya koperativa imene amayendetsa ija. Ndi chimene chandilembetsa. Muwerenge mpaka kumapeto musanandikwiyire.

Mwezi watha, alamu atabwera ndi mbatatesi, anandidandaulira kuti galimotoyo ikamenya pokumbika imadumpha kangapo, kumbuyo n'kutayira kumbali. Ndinayamba kuona matayala. Mpweya unali wokwanira, koma lakumbuyo kumanzere linali litadyeka mwa apo ndi apo, ndipo tayala silidyeka choncho palokha. Ndinakanikiza ngodya ya galimoto ndi thupi lonse n'kusiya. Yabwino imakwera kamodzi n'kukhazikika. Iyi inagwedera mpaka ndinaleka kuwerenga. Nditalowa pansi ndinapeza maamotesedo onse akumbuyo, zitsulo zoletsa kudumpha zija, atataya mafuta, ndipo tsamba limodzi la mola, sipuling'i yonyamula kulemera kwa galimoto ija, linali litang'aluka.

Chinaziwononga ndi nzeru yanga yomwe. Ndine ndinawauza chaka chatha kuti ayale matumba a mchenga pansi kuti bomba lokwirira lisadzawadule miyendo. Matumba khumi, pamwamba pake mbatatesi, pamwamba pa mbatatesi anthu. Chitsulo nachonso chimatopa.

Tsiku limene ndinaiona galimotoyo, pa ofisina panali maamotesedo awiri atsopano, koma shefi, mkulu wathu wa pantchito, anali atasungira galimoto ya bwana wina wa m'tauni muno, imene ulendo wake wautali ndi wochoka kunyumba kupita ku ofesi. Kupempha ndinaopa, poti amene wakwiyitsa shefi dzina lake silichedwa kupezeka pa mndandanda wa opita ku usilikali. Ndiye ndinatuluka pansi paja, ndinapukuta manja, n'kuuza alamu kuti vuto ndi matayala. Ndinawasinthanitsa, n'kuphwetsako mpweya pang'ono kuti kudumphako kusamveke msanga. Iwo anandigwira paphewa nati: “Mlamu wopita kusukulu ndi wabwino.” Anandisiyira ndi thumba la mbatatesi. Ndinadya.

Mukudziwa mmene amayendera pa koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali uja. Galimoto iliyonse imaponda momwe yaponda yakutsogolo, chifukwa pamene mnzako wadutsa wamoyo palibe bomba. Galimoto yotaya kumbuyo singathe kutero. Ikangomenya pokumbika pamodzi, tayala lapita mkono wathunthu kumbali, pa dothi losapondedwa. Ulendo uja anafika bwino, koma si ine ndinawafikitsa.

Pempho langa ndi ili. Avelino wanyamula maamotesedo awiri ndi tsamba la mola zimene ndamasula pa galimoto ina yomwe inafera pa ofisina pano. Si zatsopano, koma ndaziyesa, zikadali zolimba. Alamu asanyamuke asanazimange. A Manuel a pa boma ku Tsangano ali ndi zomangira ndipo ntchitoyi amaidziwa. Akatha akanikize ngodya zonse zinayi, inu muli pomwepo mukuona. Matumba a mchenga atsale anayi okha, a pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo mbatatesi ulendo uno isakwere. Koluna ikawasiya, iwasiye, adikire ina. Ndikudziwa kuti kudikirako kuwawa amayi, ndipo mlandu wake ndi wanga.

Alamu ndimawadziwa. Pa nkhani ya galimoto samvera mkazi, adzangoti Filipe anaiona kale. N'chifukwa chake musangowapatsa zitsulozo. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha ndime ya bodza langa, ngakhale mundimvere chisoni. Akadzabwera asadzandilankhule, palibe kanthu, bola adzafike.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali a Joaquina, kwa amalume ku Chidzolomondo ngati alipo wopita kumeneko, ndi kwa ana onse. Kwa alamu mupereke akatha kumva kalatayi.

Ndine mlongo wanu wa manyazi,
Filipe