Manda a Azungu kwa Chembe

Kwa Malemia,
P.O. Domasi.
25 Juni, 1986.

Okondedwa Achemwali a Esnath,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata yaitali chonchi, chonsecho muli kale ndi ana ndi ntchito za pakhomo zokukwanirani. Ndikadakhala ndi wina womuuza sindikadakutangwanitsani, koma chimwalirire amayi, mayi wanga ndinu. Ndinayamba ndalemba pa pepala lina kenaka n'kukopera bwinobwino pano, ndiye mukapeza pokhotakhota mudziwe kuti ndi dzanja, osati kusasamala.

Kaya muli bwanji ku Mzuzuko ndi kuzizira kumene timangomvaku? Kuno chimanga tinatuta, nandolo wayamba maluwa. Alamu anu a Yoswa ali bwino, akupalabe matabwa pa shedi yawo ya pamsewu ija.

Nkhani imene ndinayenera kukulemberani kale ndi iyi: ndaima. Chiyambire Febuluwale sindinaone kalikonse. Paja pondilangiza za ukwati munandiuza kuti mimba yoyamba sailengeza, mwini wake amakhala chete mpaka akuluakulu abwere adzamulange, ndipo munati woyamba kumva mudzakhale inu. Sindinafunse ngati mwamuna nayenso sayenera kuuzidwa, manyazi anandigwira, choncho alamu anu sakudziwa. Mwezi uliwonse ndimasankha masiku n'kumawapatsa mchere kuti athire okha m'ndiwo monga ndinkachitira kale, kuti asadabwe. Akanena kuti ndikunenepa ndimati ndi mbatata. Kangapo konse ndinatenga cholembera kuti ndikuuzeni, koma mawu ake ankandilemera, ndiye ndinati ndidikire Ogasiti pamene munati mubwera.

Kumayambiriro kwa mwezi uno mwanayo anayamba kusewera m'mimba. Ndinali kusenda chinangwa pakhonde, ndinangomva ngati kachala kakugogoda m'kati. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Kuchokera pamenepo ankandigogoda kawirikawiri, makamaka ndikadya n'kukhala pansi.

Tsono kwaya ya kutchalitchi, imene alamu anu amaimbamo besi, inakonza ulendo wokaona malo akale ku Mangochi, mpaka kukafika kwa Chembe kumene amishoni oyamba anakhalako asanasamukire kumpoto. A Harry, amene amatsogolera kwaya, ndiwo anapeza lole, ndipo anati okwatira atha kutenga akazi awo. Alamu anu anabwera kunyumba akumwetulira kuchokera kumsewu. Anati, "Enifa, ukaiona nyanja ndi maso ako, usiye kumangoimva kwa anthu ogulitsa usipa." Ndikadakana bwanji? Ndikadanena kuti chifukwa chake n'chiyani?

Tinanyamuka Loweruka lija la pa 14, kusanache bwino. Anthu anaimba njira yonse, ine ndinakhala pathumba la madeya pakona, nditagwiritsa chitsulo. Pa Mangochi tinatsika pafupi ndi mlatho. Pali chinsanja cha njerwa chokhala ndi wotchi pamwamba, a Harry anati anachimanga pokumbukira mfumukazi ya ku Mangalande. Pambali pake pali mfuti yaikulu imene inali m'sitima ya nkhondo, anyamata ankalowetsa mikono kukamwa kwake. Palinso chikumbutso cha sitima ina imene inamira ndi anthu ambiri kalekale. Ine ndinaima pamenepo n'kumawerenga pang'onopang'ono, Chingerezi changa cha Sitandade 6 chija, mpaka Jacinta, mtsikana wa soprano wa pakamwa uja, anandikoka nsalu. Anati, "Mukufuna mupezepo dzina la abale anu? Tiyeni, lole ikutisiya!"

Msewu wa kwa Chembe ndi woipa, wokwera ndi kutsika m'mapiri, miyala yokhayokha. Anyani ankatiyang'ana ali pamwamba pa matanthwe. Tinafika dzuwa lili pamutu. Nyanjayo ndinaiona, achemwali, ndipo ndi yaikuludi, koma sindinaiyang'anitsitse chifukwa pamchenga panagona azungu ovala tinsalu tosakwana ndi mpango womwe, ndiye maso anga anali pansi.

A Harry anatitsogolera kanjira kolowa m'tchire cha kuphiri. Anatisonyeza pamene panali nyumba za amishoni. Palibe chimene chatsala koma maziko ndi milu ya miyala, udzu utamera pakati. Ine ndinkaganiza kuti ulendo wathera pomwepo. Koma tinapitirira pang'ono, ndipo kutsinde kwa chithanthwe chachikulu ndinaona mitanda.

Palibe anandiuza kuti kukakhala manda. Ndikulumbira, ndikadadziwa ndikadanamizira mutu n'kutsala kunyumba. Inu nomwe munandiuza kuti munthu woima salowa kumanda, ngakhale maliro a mbale wake weniweni amatsalira kunyumba yasiwa. Ndinaima panjira. Anzanga onse analowa, ena akuloza mitanda ndi zala osaopa n'komwe. A Harry anafotokoza kuti anthuwa anafa ndi malungo akadali anyamata, kutali ndi kwawo, chifukwa cha Mawu a Mulungu, ndipo anati tonse tizungulire mandawo, tigwirane manja, tiimbe nyimbo imodzi.

Anacheuka n'kundiona. Anati, "Mayi Yoswa, bwalo silinatsekeke. Tikudikira inu."

Ndinati, "Ine ndiimbira konkuno."

Jacinta anaseka. "Akuopa mizukwa! Mayi inu, mzukwa wa mzungu sudziwa Chichewa, ukuuzani chiyani?"

Onse anaseka, ndi alamu anu omwe. Kenaka anabwera, nandigwira pamkono mwachikondi ndithu, osati mokakamiza. Anati, "Tabwera Enifa, usandichititse manyazi. Awa ndi anthu a Mulungu, anagona kalekale." Pamenepo pakamwa panga panali mawu awiri okha oti ndinene, ndipo akadandisiya. Koma panali azibambo, panali anyamata osakwatira, panalibe ndi mmodzi yemwe wa kwathu. Lamulo lina linkati usanene, lina linkati usalowe. Ndinasunga loyambalo. Ndinalowa.

Nyimboyo sindikuikumbukira. Itatha, mnyamata wojambula wa pa Songani amene tinamutenga anati tiime pamodzi atijambule. Aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ndipo kufupika kwanga mukukudziwa. Ndinagwada pambali, iye n'kunena kuti, "Mayi a duku lobiriwira, sunthirani pakati, ndipo mukhale pansi, mukubisa mtanda." Poti ndikhale panalibe pena koma pamiyala ya m'mphepete mwa manda enieniwo. Ndinakhalapo. Inali yotentha ndi dzuwa, kutenthako ndinakumva kukudutsa nsalu. Wojambulayo anachedwa chifukwa Jacinta ankangoseka, ndipo ine nthawi yonseyo ndinali chikhalire pa munthu wakufa.

Titabwerera kunyanja ndinapita patali pang'ono n'kusamba m'manja, kumaso ndi m'miyendo, monga timachitira kumtsinje pochokera kumanda. Koma ndinasamba ndekha, popanda wamkulu, popanda mankhwala, ndiye sindikudziwa ngati kusamba kotero kumawerengedwa. Anzanga anadya mpunga ndi nsomba, ine ndinati ndakhuta.

Achemwali, chichokere kumeneko sanasewerenso.

Ndimadya, n'kukhala pakhonde pomwe paja, dzanja pamimba, kudikira. Palibe. Kupweteka sindikumva, magazi sindinaone, koma kuli zii. Lachisanu ndinamva ngati chinachake chasuntha, koma ndikuganiza kuti unali mpweya wa nyemba. Kutchalitchi ndimapemphera, koma sindidziwa kuti ndipepese kwa yani, kwa Mulungu, kwa amayi, kapena kwa mzungu amene ndinamukhalira uja, amene ndi dzina lake lomwe sindinaliwerenge.

Chithunzi chija chinabwera. Alamu anu achikonzera felemu ya mkungudza n'kuchipachika pabalaza, moyang'anana ndi khomo. Aliyense wobwera amamusonyeza. Amati, "Onani mayi a kunyumba kuno, anafika mpaka kumene Uthenga unayambira." Akufuna atsukitse china kuti akutumizireni. Ine ndikamasesa pabalaza ndimasesa chozyolika.

Dzulo ndinapita kukachapa kumtsinje wa Domasi, ndipo ndinapezako mayi Lukiya, oyandikana nafe Achisilamu aja amene amakazinga mandasi. Ndinachapa malaya amodzi nthawi yaitali osadziwa. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana iwe, malayawo akulakwira chiyani? Kapena walakwa ndi uyo wam'katiyo?"

Ndinati, "Wam'kati uti?"

Anati, "Usandipusitse ine, ndabereka asanu ndi mmodzi. Ndinakuona kale ukutokosa dothi pachulu kuseri kwa bafa. Amene sakudziwa m'mudzi muno ndi amuna ako okha, poti amuna amaona matabwa basi."

Pamenepo ndinalira, ndipo ndinawauza zonse. Pepani kuti mlendo wamva inu musanamve, sindinachite dala. Ndinawafunsa ngati manda a azungu amagwiranso munthu ngati athu. Anafinya kaye nsalu. Kenaka anati, "Kwathu ife akazi kumanda sitipondako n'komwe, ndiye sindinganene kuti palibe kanthu. Za mizimu ya azungu sindizidziwa, sindinachezepo nayo. Koma lole ndimaidziwa. Tsiku lonse ukudumphitsidwa pathumba la madeya, ukuti mwanayo akondwe?"

Anandiuza kuti pa miyezi imeneyi ana ena amabisala, amatembenukira kumsana n'kukhala masiku osamveka. Wawo wachitatu anatero, ndipo lero ndi uja amakankha wilibala pamsika. Koma ananenanso, osandiyang'ana, kuti wina anakhala chete chomwecho ndipo sanabwere wamoyo, ndipo iwo anadwala kwambiri chifukwa anachedwa kupita kuchipatala. Anati, "Lachiwiri kuli sikelo. Anamwino ali ndi kachitoliro kamene amaika pamimba n'kumvera mtima wa mwana. Ndikuperekeza ine. Uvale nsalu ziwiri ngati ukuopa maso a anthu."

Ndinati sindingapite kusikelo ndisanalangidwe, amayi a Mvano akandiona pamzere adzati ife ana a malemu Abiti Maliro tinaleredwa ngati nkhuku, ndipo manyaziwo adzagwera inu. Iwo anati, "Manyazi sapha munthu. Lembera achemwali akowo lero lomwe."

Ndiye ndalemba. Ndili ndi mafunso amene ndikupempha mundiyankhe mosabisa, ngakhale yankho likhale lowawa. Kodi amayi anakuuzanipo chimene chimachitika munthu woima akalowa kumanda, ndipo pali chochita kuti zikonzeke? Ngati pali mankhwala ake, ndani kuno amene ndingamufunse mosachititsa manyazi banja lathu? Kodi mundilola kupita kusikelo inu musanabwere? Ndipo alamu anu ndiwauze bwanji? Ichi ndiye chikundisowetsa mtendere kwambiri. Adzakondwa kumva kuti ndaima, kenaka adzakumbukira kuti ndi iwo anandigwira pamkono n'kundilowetsa. Zikadzaipa sadzadzikhululukira, chonsecho sanadziwe kanthu. Wolakwa ndine amene ndinatseka pakamwa.

Ndawerengera kuti kalatayi ingakupezeni Loweruka kapena Lolemba. Lachiwiri likubwerali ndidikira, sindipita. Koma likafika Lachiwiri linalo ndisanamve kwa inu, ndidzapita ndi mayi Lukiya, ndipo mudzandikhululukire. Sindinayambe ndachitapo chinthu inu musanavomere, koma sindingathe kudikira Ogasiti ndi dzanja pamimba.

Poyankha musalembe kudzera kushedi, chifukwa alamu anu kalata yochokera kwa inu amaitsegula pomwepo n'kumawerengera anzawo mokweza, poti amakunyadirani. Mulembe dzina langa, kudzera kwa mayi Lukiya, pa adiresi ya sitolo ya amuna awo a Mohamedi imene ndalemba kuseri kwa pepalali.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse, makamaka Alima amene ndinamusiya akukwawa. Muwaveke majuzi. Alamu anu akadadziwa kuti ndikulemba akadapereka moni wambiri, ndiye landirani ngati apereka. Pa pepala loyamba lija ndinalemba kuti moni wochokera kwa ife tonse atatu, koma pokopera pano dzanja lakana, chifukwa sindikudziwa kuti m'nyumba muno tilimo angati.

Chonde, achemwali, yankhani msanga, ngakhale mizere iwiri yokha.

Ndine mng'ono wanu,
Enifa.