Bambo alephera kuyambitsa ngoma pa maliro a malume

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Champiti. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndipo mahotela akukuitananibe kukayimba. Ife tilipo, koma bambo sanapezebe bwino chiwagwereni sitiroko ija. Dzanja lamanja linafa, mawu akutuluka movutikira.

Loweruka lapitali tinaika malume Jasitini. Amuna anabwera ndi zishango kuti awavinire ngoma, monga malumewo anapempha ali moyo. Ataima pabwalo, panasowa woyambitsa nyimbo ija ya Chingoni imene bambo anakuphunzitsani muli mwana. Anyamata a masiku ano amangodziwa kuvomera. Tinawanyamula bambo pampando mpaka kutsogolo. Anatsegula pakamwa, anayesetsa ndithu, koma kunangotuluka mpweya. Anthu onse anazyolika. Kenako amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ya m'buku, amuna aja n'kutula zishango pansi.

Titafika kunyumba, bambo atagona pamphasa, ndinawaikira pafoni nyimbo imene munatumiza ija, yomwe mukuyimba m'Chingerezi ndi anzanu a magitala. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, “Ameneyu ndani?” Nditawauza kuti ndinu, anatembenukira kukhoma.

Sindikunena kuti mubwere, ndikudziwa kuti mapepala anu anatha ndipo mukatuluka sakakulolaninso kulowa. Pempho langa ndi lakuti mujambule nyimbo ya ngomayo pafoni, ngati mukuikumbukirabe, mutumize msanga. Ndikufuna anyamata aiphunzire bambo akadali moyo, kuti bambowo azipukusa mutu anyamatawo akalakwitsa. Kuchipatala atiuza kuti tisayembekeze zambiri.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati