Mbira ya kwa Mama Zoila

Lamulungu, 27 Okutobala

Mbira. Lero andipatsa mbira yathunthu, mutu, mano, tizikhadabo, zonse. Yagona chafufumimba pa mbatatesi ngati yapondedwa ndi minibasi. Mama Zoila (ndiziti MZ), eni nyumba ino, anaima pambali panga kudikira kuti ndilume. Mwana wawo Sisa akuti, "Tiyanjane, imeneyi timapatsa mlendo wolemekezeka." Ine ndangoiyang'ana. Ku Thyolo mbira zinalipo, inde, zinkathamanga kukhitchini, koma pakamwa panga ayi.

Ndadya kamwendo kamodzi, zinazo ndasiya mwaulemu m'mbale monga anandilerera amayi. Mlendo sapukuta mbale, amasiyako. MZ anangoiyang'ana mbaleyo, nkhope gwa.

Koma chimene chandinyansa kwenikweni ndi alendo awo, Akichwa anzawo ochokera ku Otavalo, ku Ecuador. Azibambo aulemu wawo, tsitsi loluka mpaka kumsana. Atakhuta, aliyense wasolola jumbo m'thumba n'kuyamba kulongedza zotsala, mwini nyumba akuona! Ngakhale pa ukwati wa ku Ndirande anthu amabisako.

Mwezi wanga woyesera kukhala pa lendi m'nyumba muno ukutha Loweruka. Sisa akuti msuweni wawo wina akuchifunanso chipindachi, ndipo wogamula ndi mayi ake. Ndikachoka pano ndiye kuti sofa ya achemwali anga a Juliet ku Brampton, ndipo ndi mabasi akumeneko shifiti ya 6 koloko kuno ku Etobicoke sindingaipeze. Plesimenti, ntchito yophunzirira ya kunyumba ya okalamba, ikagwa, kosi yanga yonse yagwa. Ndiye ndizingomwetulira.

Lolemba, 28 Okutobala

Supu m'mawa. Supu! Munthu sunasukusule bwinobwino, mbale yadzaza kale mbatatesi ndi chimanga chotupa chija amachitcha mote. Ndapempha tiyi ndi buledi, andipatsa, koma pamwamba pa supuyo. Ndasiyanso theka. MZ alankhula chinachake m'chinenero chawo, Sisa wakana kutanthauzira.

Basi ndazindikira, mayiwa amafuna mbale yoyera. Aipeza.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Nzeru zanga zagwira. Jumbo pamiyendo, pansi pa tebulo. MZ akatembenukira kumoto, ine khu! Potuluka ndimaponya m'bini yakuda panja, pansi penipeni. Yobiriwira ija ya zakudya ili ndi loko, koma amaitsegula okha tsiku lililonse, angaone.

Madzulo kunali supu wa matumbo a nkhosa, pamwamba awaza magazi okazinga. Magazi, Ambuye! Ndinangoti fungo fwee, malovu dzadza m'kamwa. Zonse m'jumbo, pamodzi ndi mutu wa mbira uja anandisungira kuyambira Lamulungu. MZ ataona mbale ili mbee anandisisita tsaya, n'kuwonjezera chipande china.

Ndawaimbira foni a Juliet. Angoseka. Akuti, "Iwe umadya mbewa za pa Salima turn-off ndi ubweya womwe, lero ukunyansidwa ndi chani?" Mbewa ndi mbewa, a Juliet, musandiyambe.

Lachitatu, 30 Okutobala

Majumbo atatu lero. Jekete yanga ikununkha nkhosa. Gogo wina kuntchito wandifunsa ngati ndimaweta galu.

Lachinayi, 31 Okutobala

Zandivuta.

Rakuni, kanyama kakuba kaja kokhala ngati kavala magalasi, kagwetsa bini yakuda. Ndikutuluka m'mawa ndapeza majumbo anga onse ali pakhomo, ong'ambika. Matumbo uko, mbatatesi uko, mutu wa mbira uli pa sitepe mano ali pamtunda. Fungo lake losakamba, ndinatsala pang'ono kusanza mu sikafu.

MZ anali atagwada pa simenti, kuzizira konseku, siketi yawo yaitali yakuda ili m'madzi onyansawo. Samasesa ayi. Amatola chimanga chija kamodzikamodzi ndi zala, kuika m'kambale. Majumbowo ndi a sitolo ya zakudya zakwathu ya ku Brampton, dzina lili poyera, m'nyumba muno palibenso wina amagulako. Ndinati sore, sore Mama. Sanadzutse mutu.

Madzulo wandipakulira ndi Sisa. Kambale kakang'ono, foloko pambali, ngati kuhotela. MZ adyera kuchipinda. Ana ovala zigoba akhala akugogoda kufuna maswiti, mwambo wa kuno pa tsikuli, ine kumangoganiza kuti ndi msuweni uja wabwera ndi masutikesi.

Lachisanu, 1 Novembala

Msuweni wabweradi. Walowa m'chipinda changa, wayeza zenera ndi manja, watsegula wadiropu zovala zanga zili momwemo. Mwano wake!

Kukhitchini akuumba buledi wooneka ngati makanda, timaso, tikamwa, atakulungidwa ngati m'thewera. Mawa akadya tiana timeneti. Mumphika muli chiphala chofiirira ngati magazi ogona. Sindinafunse.

Ndamukokera Sisa pakona. Ndamuuza kuti kwathu kusiyako chakudya ndi ulemu. Iye akuti kwawo kusiya m'mbale ndiye kuti wamukana wophikayo. "Ukakhuta umaika m'jumbo, onse akuona, n'kukapatsa wina kunyumba. Timati wanlla. Sunawaone alendo Lamulungu?" Ndinawaona, ndinawatukwananso mumtima. Ndiye kuti sabata yonseyi jumbo ndinali nalo, chongolakwika ndi kumene ndimapita nalo. Ndinapsa mtima. Bwanji osandiuza? Akuti, "Iwe bwanji osafunsa?" Kenako akuti chimanga chimenecho bambo ake asanamwalire ankachilima kuseri kwa nyumba ino, mbewu yochokera kwawo, ndipo mayi ake akupitiriza. Chimene ndataya ndi cha chaka chino.

Ndayamba kupinda zovala. A Juliet akuti sofa ilipo koma amuna awo a Mark amaonera mpira mpaka kuche.

Loweruka, 2 Novembala

Sisa anagogoda m'mawa, akuti mayi akuti uvale, tikupita kwa adadi. Ndimayesa kutchalitchi. Kumanda!

Ndipo sikuti kukapemphera n'kubwerako. Ayala nsalu pambali pa mwala wa malemu Taita Segundo, atulutsa mapoto, mafulasiki, buledi wa makanda uja. Akuti lero ndi tsiku lodya ndi akufa. Mbale yoyamba aika pamwala, MZ akuwalankhula amuna awo ngati ali pakhonde. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Kwathu kumanda sulowako wamba, ndipo ukachokako umasamba m'manja usanagwire chitseko. Awa akunyambita zala.

Anagawira onse, msuweni yemwe. Ine ndili chiimire kumbuyo, manja m'jekete. Pomaliza MZ anadzaza kapu ndi chiphala chija, n'kunditambasulira, osandiyang'ana.

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri. Chofunda, cholemera, tizipatso tikuyandama. Maso anga ali pa dzina la munthu wakufa. Ndinameza, mpaka pansi pa kapu. N'chotsekemera, komabe ayi ndithu, sindidzachizolowera.

Kenako mbale: mote, mbatatesi, kamwana ka buledi, ndi mbira theka. Ndinadya mote yense, kanjere kalikonse. Zinazo zinandikanika. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa jumbo, la sitolo yomwe ija, n'kulikung'untha kuti aliyense amve. Onse anatembenuka. Ndinaikamo buledi ndi mbira.

MZ anafunsa kanthu. Sisa akuti, "Akuti n'za ndani?"

Ndinati za a Juliet, achemwali anga a ku Brampton, amene amati saopa chilichonse.

MZ anandiyang'ana koyamba chichokereni Lachinayi. Anavundukula poto, anasankhasankha, natola mutu wa mbira, n'kuuponya m'jumbo mwanga. Analankhula mawu angapo akupukuta zala pa nsalu. Msuweni uja anayang'ana kumbali.

Sisa akuti, "Akuti Lolemba supu ndi 5 koloko, poti umayamba 6. Wa magazi uja. Akuti usachedwe."

Lolemba. Ndakhala pabedi, zovala ndabwezera mu wadiropu. Jumbo lili pawindo pozizira, timano tikuonekera mupulasitiki. Basi ya ku Brampton ndikwera mawa tikaweruka ku tchalitchi.