Mawu a Nonie Sanapse

4 Okutobala
Mvula. Kwabweranso mayi Tierney a ku yunivesite ndi makina awo. Akuti akukonza phunziro la pa intaneti lonena za ife anthu a panjira, okhala m'makalavani, nyumba zoyenda pa mateyala, ophunzira azimvera ali kwawo. Ine Festy Mongan, amene sukulu ndinkangoisuzumira pa mpanda, zilembo ndinachita kutola pa zikwangwani za m'misewu, lero ndiphunzitse a madigiri! Ndavomera. Mkazi wanga Nonie, toto. "Chinthu chosapsa ndi moto usachilowetse m'kalavani muno, tonde wokalamba iwe." Ndamukumbutsa kuti mwamuna pano ndine.

11 Okutobala
Ndakhoma ndowa yathunthu pamaso pa kamera. Makinawo akuti sakundimva, mano mulibe m'kamwa. Akulemba zamisala. Koma Nonie atangoyamba kundinena, alemba zonse osaphonya. Basi mayi Tierney maso pa iye: aimbe, asimbe zakale. Akuti pulogalamu yawo imaphunzira mawu a munthu, kenako n'kumayankha yokha ophunzira ndi mawu omwewo. Nonie wakana. Ndamuumiriza, dzina la a Mongan limveke. Waimba nyimbo ya malemu amayi ake. Galu wathu wakabisala pansi pa kalavani.

29 Okutobala
Nonie chifuwa chake chakale chamubwereranso. Sakudya. Akuti chiimbireni akumva ngati wina akumusolola ulusi pakhosi. Zachibwana. Ndi chisanu basi.

2 Disembala
Tamuika Lachitatu.

5 Disembala
Tatentha kalavani monga ankachitira makolo. Madiresi, mbale zamaluwa, bedi, zonse. Wakufa akasiya chake pansi pano amabwerera kudzachifuna, sapuma. Palibe chatsala, ndaonetsetsa ndekha. Tsopano ndili kwa mwana wanga Philomena, m'nyumba ya njerwa. Denga likundipsinja.

9 Januwale
Philomena wabwera osavula n'chikhoti chomwe, waika foni patebulo. Phunziro lija latsegulidwa. M'fonimo mwatuluka mawu a mkazi wanga. "Takulandirani. Ndine Nonie. Ndifunseni chilichonse." Tiyi yense pansi.
"Ababa, amayi sanapse onse."
Akuti akumufunsa anthu mpaka a ku Canada, osamupatsa mpata. Munthu tinamuika m'manda, ali pantchito.

12 Januwale
Ndapita ku yunivesite ndi chigubu cha petulo. Mlonda wandilanda pageti. Mayi Tierney misozi, akuti mwambowu sankaudziwa. Ndati ndionetseni chipinda chimene mwamutsekeramo. Akuti chipinda kulibe, mawuwo sakhala malo amodzi oti munthu n'kuloza. Ndiye moto uyambire pati? "Bambo Mongan, mungonena liwu limodzi, tifufuta zonse tsiku lomwelo." Ndati ndiimba foni Lachisanu. Ine sindithamangitsidwa.

14 Januwale
Philomena wandisiyira foni yake yakale, phunzirolo lili momwemo. Ndimangofuna kumva ngati akuvutika. Ndati, Nonie, wapuma? "Funso labwino kwambiri, bwenzi langa." Bwenzi? Moyo wonse sananditchulepo choncho. Ulemu umenewu si wake. Nanga akulankhulira pakhosi pakeyo ndani?
Ndafunsanso za akavalo, za msika wa ku Ballinasloe kumene ndinamuonera koyamba. Yayankha. Zina zoona, zina zopeka. Koma mawuwo.

Lachisanu
Sindinaimbe foni ija.

24 Januwale
Philomena walota amayi ake ataima paphulusa paja, akufufuza ndi manja, pakamwa palibe. "Ababa, inu ndi amene munatiphunzitsa mwambowu. Imbani foniyo, apo ayi ndiimba ndine." Ndamuuza kuti mkazi anali wanga, osati wake. Wandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira mayi wake.
Galu salowanso m'chipinda changa. Amangoima pakhomo, ubweya uli nyankhalala.

27 Januwale
Pulogalamu ija ndaiphunzitsa. Ndati usamati bwenzi, uziti tonde wokalamba. Yanena. Ndendende, mpaka kaphwete kaja ka kumapeto. Kaphweteko sindinaiphunzitse ine.
Ndikumumva Philomena kukhitchini, akupempha kuti amulumikize ndi mayi Tierney. Ndakhoma chitseko. Mwambo ndikuudziwa kuposa onsewa, asandiuze. Apume, inde, apume. Koma kamodzi kokha, ndingomufunsa ngati