Pikapu Imene Simunkaitchula

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Kuno ku Nkhulambe tilipo, kapena ndinene kuti ndilipo, poti pakhomo pano ndikatsokomola palibe wondifunsa.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mdzukulu wanu Loveness anachira ku Blantyre mwezi wa Juni, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, Mereya. Sindinamunyamulebe, ndangomuona pa foni, koma chipumi chija ndi chanu. Akuti abwera naye akakhwima pang'ono. Inu mukuwadziwa ana a m'tauni, "pang'ono" wawo amatalika.

Chimanga sichinachite bwino, mbozi zinatigonjetsa. Nandolo ndiye wabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Chinangwa cha kuseri ndinakumba theka, makaka ali padenga. Denga la khitchini yanu likufuna udzu wina mvula isanayambe. Njinga ndikukonzabe pamsika, koma ikamakwana thwelofu anthu amakhala atha, ine n'kubwerera. Masana ndi amene amandivuta. Paja mayi ake a Loveness atamwalira munandiuza kuti, "Bwerera kuno kwanu mwanawe, mkamwini wopanda mkazi ndi mlendo." Zaka zisanu ndi ziwiri tinakhala awiri pakhonde lino. Anthu ankati ndikukusamalani. Ndazindikira tsopano kuti wosamalidwa ndinali ine. Dzana ndinapezeka ndathira tiyi m'makapu awiri.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera Yohane, mwana wa achemwali, wa ku Joni uja. Anandibweretsera makatoni awiri ang'onoang'ono amene abwana ake ankafuna kutaya. Anati, "Malume, inu muli ndi manja, izi zikuchotsani kusungulumwa." Ndinaseka, ndinkayesa zidole za ana. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa ta pulasitiki tolumikizana ngati minga ya nsomba, ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti aka kalowa apa, aka kamatidwa apo. Ukatsatira bwino pamatuluka galimoto yakale yokwana m'dzanja, yokhala ndi chiwongolero, mipando, ngakhale injini. Azungu akuluakulu a imvi akuti amachita zimenezi.

Koma makatoni onse awiri anali operewera. Loyamba linali la galimoto yaing'ono ya mphuno yozungulira, yopanda mateyala ndi magalasi. Lachiwiri linali la lole ya asilikali, mutu wake unasowa. Ndikanataya, koma ndinakumbukira mawu anu aja mukamasunga mpini wopanda khasu: "Chothyoka usataye, chikudikira chinzake." Nditayang'anitsitsa mphuno ija ndinaizindikira. Amayi, inali mphuno ya pikapu ya abambo.

Ndikudziwa kuti galimoto imeneyi simunkafuna kuimva. Abambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo maliro asanazizire abale awo anatenga makiyi n'kuigulitsa. Ndikakufunsani munkangoti, "Zitsulo sizidyedwa," n'kupitiriza kupeta. Chithunzi chake palibe. Zimene ndili nazo ndi zimene maso a mwana anasunga.

Ndiye ndinayamba. Galimoto yaing'onoyo ndinaidula kuseri kwa zitseko ndi kampeni ka sowo. Bodi ya lole ndinaichepetsa m'mbali kuti ikwane kumbuyo. Polumikizira panatsala mpata, ndinatseka ndi guluu wosakaniza ndi soda, n'kupala ndi sandipepa masiku atatu mpaka chala chosamva msoko. Mateyala a lole anakula, ndinawapala nawonso. Zitsulo zogwirira anthu kumbuyo ndinapinda masipoko a njinga. Magalasi ndinadula ku botolo la madzi. Nyali zakutsogolo musandikalipire: ndinadula timabowo towala ta pa timapepala ta mapiritsi anu amene anatsala m'kabati. Zinakwana ngati anachita kuyeza. Ndinasokanso timatumba tinayi, n'kuthiramo mchenga, kuti tikhale nandolo wopita ku Limbe. Ndinkakumbukira kuti mphuno yakumanja inali yopindika, choncho ndinatenthetsa msomali n'kudinikiza pamenepo. Maso sakuonanso bwino, kachiwongolero kanagwera m'fumbi ndipo ndinakasaka ndi lichero theka la tsiku. Koma masana anayamba kufupika.

Pa utoto ndi pamene ndinaima. Tsiku lina ndimaiona yabuluu, tsiku lina yotuwa. Ndinatembenuka kuti ndikufunseni, mpando wanu uli pomwepo. Ndinawerenga pa zala anthu amene anaionapo galimotoyi. Onse munatsogola nawo, kupatula mmodzi: azakhali a Elube, mlongo wawo wa abambo, amene amuna awo ndiwo anatenga makiyi aja. Inu simunapondeko pakhomo pawo zaka zonsezi, ine ndinangotsatira mapazi anu. Ndinalimbana nazo sabata ziwiri. Lolemba lapitali ndinakulunga kagalimotoko m'nsalu, n'kupalasa njinga kupita ku Chiringa.

Ndinawapeza pamkeka, atatsamira khoma. Akalamba kwambiri, Amayi, ndipo maso achita ng'ala. Nditatchula dzina langa anati, "Mwana wa achimwene? Wabwera ndi uthenga wa maliro?" Ndinati ayi, ndabwera ndi funso. Ndinawaika kagalimotoko m'manja. Anakasisita ndi zala kuyambira kumbuyo, timatumba, zitsulo, denga. Atafika pamphuno yopindika paja zala zinaima.

"Iyi ndi ya achimwene," anatero. "Inali yobiriwira ngati tsamba la chinangwa. Chitseko chakumanzere ankamanga ndi mphira. Nanga apa wapinda, ukudziwa anapinda ndani?"

Ndinati abambo.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene sanagundepo ngakhale nkhuku. Anapinda ndi mayi ako."

Amayi! Inu munayendetsapo galimoto?

Anandifotokozera zonse. Nthawi imeneyo ankakhala kuno ku Nkhulambe, ali ndi pakati poyamba, ine ndisanabadwe. Matenda anawayamba mvula ili mkati, mwana anagona mopingasa, azamba anagwetsa manja. Amuna awo anali ku esiteti, abambo ali gone ndi malungo, osatha kudzutsa mutu. Akuti inu munalowa m'nyumba, n'kutulutsa makiyi m'thumba la jekete. Abambo ankakuphunzitsani mobisa pabwalo la mpira, anthu asanadzuke, kuopa kusekedwa. Munaika thumba la nandolo kumsana kuti miyendo ifike, munavula nsapato, munamanga chitenje. Azimayi anayi anawanyamulira azakhali kumbuyo. Akuti munayenda giya imodzi njira yonse, dzanja lili pa hutala, matope akuuluka, mukukuwa kuti, "Alamu, musagone! Mukagona ndikutsitsani!" Pachipata cha chipatala cha mishoni munaiwala buleki, n'kugunda chipilala. Mwanayo anabadwa wamoyo. Ndi a Patrick aja, amene lero ali ndi zidzukulu.

Atamaliza anaika kagalimoto pamiyendo. Kenako anati, "Tsiku limene amuna anga ankatenga makiyi ndinali pomwepo, nditamugwira dzanja Patrick yemweyo. Mayi ako anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Mawu amodzi okha akanakwana, sindinawanene." Misozi inkatsika m'makwinya osapukuta. "Pamaliro a mayi ako ndinafuna kubwera, ndinachita manyazi. Tandiuza, alamu anapita atandikhululukira?"

Ndikanatha kunama, Amayi. Bodza linali pakamwa penipeni. Koma ndinati, "Azakhali, sindikudziwa. Sanakutchuleni, pabwino kapena poipa." Anagwedeza mutu. Anati ndi momwe munalili. Anandiphikitsira mbatata, ndinadya. Potsanzikana anandibwezera kagalimotoko ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Ukapaka utoto udzandibwereke, ndikhale nako masiku ochepa. Sindichedwa kubweza."

Pobwerera ndinatsika njinga kangapo, osati chifukwa cha chitunda. Ndinakusambitsani, ndinakudyetsani phala ndi sipuni, ndinkati palibe chanu chimene sindikuchidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri pakhonde limodzi, nkhani ngati imeneyi osandiuza! Poyamba ndinakwiya nanu. Kenako ndinaganiza kuti mwina simukanatha kunena za ulendowo osanenanso za malipiro amene munalandira. Komabe ndikanakonda kuimva ndi mawu anu. Mukanaikometsa, mukanatsanzira kulira kwa injini, tikanaseka mpaka tiyi kuzizira. Tsopano ndili ndi nkhani yokoma chonchi, woseka naye palibe. Ndinamuimbira Loveness, anati, "Zoona, adadi?" mwana n'kuyamba kulira, foni n'kuduka.

Utoto ndapaka dzulo. Ndinasakaniza wobiriwira wa zitseko ndi woyera pang'ono, ndikuyerekeza ndi tsamba la chinangwa cha kuseri, ndipo ndinapaka ndi nthenga ya nkhuku chifukwa bulashi ndi yaikulu. Pamateyala ndamwaza fumbi la njerwa kuti likhale matope. Chitseko chakumanzere ndamanga ndi kachingwe kodula ku chubu. Chatsala chinthu chimodzi. M'katoni la lole munali kamsilikali kokhala pansi, manja ali kutsogolo. Ndakapala chipewa ndi nsapato, ndakamanga duku la kansalu kochokera ku chitenje chanu chachikasu, ndipo kumsana kwake ndaika kathumba kamodzi ka nandolo. Nkhope sikufanana nanu, koma kakhala mowongoka ngati inu.

Loweruka ndikupita nako ku Chiringa. Sindikudziwa ngati mukanalola. Sindikawauza kuti mwawakhululukira, mawu amenewo ndi anu, sindingakubereni. Ndikangowaika kagalimotoko m'manja, n'kutsogolera chala chawo pawindo kuti akukhudzeni paphewa. Zotsalazo mukakambirana nokha, poti mmene ndawaonera, afika kumeneko ine ndisanafike.

Akafika, Amayi, musawasiye ataima panja nthawi yaitali. Ine ndikulonjeza kuti masiku amene awatsalira ndiziwayendera. Ngati ndalakwa, mudzandikalipira tikadzaonana, ndipo ndidzakhala chete mpaka mutamaliza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Laitoni