Kiyi Uja Munapita Naye

Amayi anga,

Kodi kumene muliko kwacha bwanji? Miyendo ija yasiya kutupa? Ndikhulupirira kuti kumeneko kulibe udzudzu, chifukwa wa kuno ku Golomoti chaka chino wanenepa ngati nkhunda, wina ndinachita kumuthamangitsa ndi ndodo. Ndine Fabiyano, mwana wanu wokongola kuposa onse, ngakhale pagulu munkakana. Ndati ndikulembereni poti nkhani zachuluka, ndipo imodzi mwa izo yandikhala pakhosi. Anthu ena ndikawauza ndimaseka, koma inu mundimva bwino.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mpunga ku Bwanje tinakolola, matumba ambirimbiri moti ndinaganiza zobwereka sitima ya pamtunda kuti idzanyamule. Chabwino, ndachulutsa. Mbalame zinadya chigawo cha kumunsi chija, chifukwa woziingitsa ndi mawu ofika kuphiri munali inu. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma khalidwe silinasinthe, ikulowabe m'madimba a eni ake. Denga la nyumba yanu likudonthabe pakona paja. Beseni tikuika pomwe munkaika.

Nkhani yaikulu ndi yoti mpongozi wanu Rozina anachira, mwana wamkazi. Inu munapita iye asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Tinamupatsa dzina lanu, Sofiya. Ine dzinalo limandilemera pakamwa, ndiye ndimangomuitana kuti amayi. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanu, akakwiya amakwinya pachipumi ndendende momwe munkachitira ndikabwera mochedwa. Kukongola kokha ndiye anatengera ine.

Galimoto ija ikadalipo. Mukuikumbukira, ndinagula kwa mzungu amene ankabwerera kwawo, ya chiwongolero kumanzere, yokhala ndi timabatani ta manambala pachitseko. Ukadina manambala ako achinsinsi, chitseko chimatseguka chokha popanda kiyi. Kuchokera ku Salima mpaka ku Balaka ina yotero kulibe, ndafufuza. Ndinazolowera kuponya kiyi pansi pa mpando, kukhoma ndi mabatani, n'kumayenda pamsika manja m'thumba. Pobwerera ndinkadikira anthu achuluke kaye, kenako ndimvekere dii dii ndi chala chimodzi, chitseko khotcho. Inu simunakondwe nazo ngakhale tsiku limodzi. Munkati, "Iwe Fabiyano, kiyi amakhala pathupi pa munthu. Zamagetsi zakozi tsiku lina zidzakugonera."

Kuti ndikutsekeni pakamwa ndinakupatsani kiyi wachiwiri, ndinati galimoto ndi yanu, ine ndine dalaivala chabe. Munanyinyirika, koma munamumangirira ku kolona yanu pafupi ndi mendulo, ndipo kutchalitchi ku Mua munkaonetsetsa kuti anzanu amuone. Musakane, anandiuza. Tsiku la maliro anu, azimayi a mumpingo amene anakusambitsani anakukulungirani kolonayo m'manja momwe inalili. Alongo anu, amalume a Yohane, anandinong'oneza kuti timasule kiyiyo bokosi lisanatsekedwe. Ndinakana. Ndinati asiyeni, galimoto ndi yawo, ine ndili ndi chala. Ndinanena ndikulira, koma ndinanenabe mokweza kuti anthu amve.

Tsopano mvetserani za mwezi wathawu, pamene tinavundukula chiliza chanu. Chilizacho, amayi, ndi chokongola. Anzanu oyandikana nanu ayenera kuti akuchita nsanje. Tsikulo dzuwa linali la Okutobala lenileni, loti dzira ukaliika pamwala ulidya lokazinga. Ine ndinanyamuka m'mawa nditayatsa nyali zonse za galimoto, kuti aliyense panjira adziwe kuti mwana wa Nabanda akukaona amake. Ndinaimika pansi pa mtengo wa mango uja uli kunja kwa manda. Nyali zija ndinaiwala kuzimitsa. Masana oswa mtengo ngati amenewo, nyali yoyaka ndani angaione?

Mukudziwa kuti khanda sililowa kumanda. Rozina amayenera kulowa kuti tikayale nkhata limodzi, ndiye anagoneka Sofiya pampando wakumbuyo, atagona tulo. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Selina, anati akhala naye. Anakhala pakhomo la galimoto chitseko chili chotsegula, akumukupiza ndi nsalu. Ine ndinaponya kiyi pansi pa mpando monga mwa masiku onse, ndinadina batani lokhoma kuti ana asaseweretse zitseko zinazo, ndipo ndinalowa. Sindinaganize kuti chitseko chotsegulacho nacho chakhomeka, chikungodikira wochikankha.

A katekisiti anapemphera motalika, makwaya anaimba, amalume analankhula mbiri yanu mpaka anayamba kunena za ng'ombe za agogo. Kenako anayamba kuitana mayina a oyala nkhata. Ife tinayala. Ataitana dzina la amayi aang'ono, iwo analimva ali kugalimoto kuja. Mukanakhala inu mukanatani? Mkulu wawo mmodzi yekhayo, dzina laitanidwa pagulu. Anayang'ana mwana, anali m'tulo. Pafupi pankazungulira agalu ndi nkhumba zotsata fungo la zophika. Anakankha chitseko kuti mwana asavutitsidwe, poganiza kuti angoyala n'kubwerera. Pambuyo pake anandiuza kuti mumtima ankati, "Si uja amatsegula ndi chala?"

Koma atafika pa chiliza n'kuona dzina lanu litalembedwa pamwala, anagwa pomwepo akulira, akukuitanani ndi dzina la paubwana limene ine sindinalimvepo. Azimayi anawagwira, anawakhazika pamthunzi, akuwapatsa madzi. Ife tinali mbali ina, anthu atatizinga. Rozina ankadziwa kuti mwana ali ndi amayi aang'ono. Amayi aang'ono, m'mene mutu unabwerera, ankayesa kuti Rozina watuluka kale. Nyimbo zinapitirira. Mthunzi wa mango uja nawo unasuntha, galimoto inatsala padzuwa.

Anayamba kuzindikira ndi Rozina. Anandigwira mkono n'kunena chapansipansi, "Bambo ake Sofiya, awo si amayi aang'ono akhala apowo? Nanga mwana ali ndi yani?" Sanadikire yankho. Anadumpha manda a anthu, nsalu ikumasuka, ine pambuyo.

Amayi, ndinamuona kudzera pagalasi. Nkhope itafiira, tsitsi litanyowa, akulira koma mawu osamveka bwino kunja. Ndinati musadandaule, iyi ndi nkhani ya chala chimodzi. Ndinadina manambala anga. Timabatani tija timayaka ukatikhudza, koma tsikulo tinangoti zii. Ndinadinanso. Ndinapukuta chala pa malaya n'kudinanso. Apo ndi pamene ndinayang'ana kutsogolo n'kuona nyali zija zikungoti phethiphethi ngati koloboyi wotha mafuta. Batire linali litatha. Zamagetsi zinandigonera, monga munanenera.

Anthu anali atatuluka kumanda, atatizungulira. A Chimbalanga, mkulu wa adzukulu okumba manda uja amene sasowa chonena, anayamba ndi nthabwala zawo: "Bwana, chala chatha mafuta? Tibwereke cha a katekisiti, n'chodalitsika." Atasuzumira pagalasi anasiya kuseka. Wina anafunsa ngati palibe kiyi wina. Amalume anangotembenuka n'kuyang'ana kumene mwagona. Kiyi mmodzi ndinkamuona ndi maso anga, mutu wake ukusuzumira pansi pa mpando. Winayo anali m'manja mwanu, pamtunda woti mwana akhoza kuponya mwala n'kufika. Ine pakati, ndi chala changa.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Ndinapitiriza kudina. Ndinkadziwa kuti batire latha, koma chala chinkangobwerera pa timabatani, ngati kuti ndikachonderera timva chisoni. Mkatimo kulira kunayamba kuchepa. Sofiya anasiya kuponya miyendo, mutu unagwera kumbali. Rozina, amene chikwatiraneni sanandikwezerepo mawu pagulu, anandikankha pachifuwa. "Bambo ake Sofiya, siyani manambala. Phwanyani."

Ndinalanda khasu kwa mdzukulu wina. Amalume anayamba kunena kuti khasu la kumanda lisayandikire khanda, koma mawuwo anathera m'kamwa. Ndinasankha galasi lakutsogolo, kutali ndi mwana. Amayi, galasi la galimoto ija ndi lolimba ngati mtima wa wokhometsa msonkho pamsika. Khasu linkangodumpha. A Chimbalanga ndi amene anathamangira nyundo ya amisiri omanga chiliza, anati, "Menyani pakona, bwana, pakati mungotopa." Ndinamenya pakona. Linasweka ngati mchere. Ndinalowetsa mkono, ndinatsegula, mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni wa njerwa.

Rozina anamunyamula osasamba n'komwe m'manja, ngakhale beseni la osamba pochokera kumanda linali pomwepo. Palibe wamkulu amene anatsutsa. Mwana anali wofooka, thupi lotentha, maso otseka. Azimayi ananyowetsa nsalu n'kumukulunga. Ine ndinatola kiyi uja pansi pa mpando kuti tithamangire kuchipatala, ndinapotokola, galimoto osalira. Batire lomwe lija. Galimoto yosintha yokha magiya ngati iyi suikankha kuti ilire. Galimoto imene kulibe inzake kuchokera ku Salima mpaka ku Balaka inangokhala phee ngati chulu, ndipo mdzukulu wanu anapita ku Mua pa njinga yamoto ya kabaza, amake atamukumbatira. Ine ndinakwera ina, mkono ukuchucha magazi, suti ya chiliza itang'ambika.

Kuchipatala cha mishoni anamulandira msanga, anamuika madzi a m'botolo kudzera pakamkono kake kaja. Anamwino anandithamangitsira kunja chifukwa ndinkalankhula kwambiri. Ndinakhala pakhonde, pabenchi lomwe ndinakhalapo tsiku limene inu munatisiya. Sindinapemphere bwino, mawu a mapemphero anandithawa. Ndinangolankhula ndi inu. Ndinati amayi, dzina lanu tangobwereka kumene, musabwere kudzalitenga msanga. Ngati mwasowa wocheza naye kumeneko, itanani ine, nkhani ndili nazo zambiri. Kaya munamva, kaya ndi madzi a m'botolo aja, dzuwa likupendeka Rozina anatuluka n'kunena kuti wayamba kuyamwa. Ndinalowa. Anandiyang'ana, anakwinya pachipumi. Ndinadziwa kuti ndakalipiridwa, ndipo ndinavomera.

Panopa ali bwino, wanenepa, akuseka ndi nkhama zokhazokha. Amene sanachire ndi amayi aang'ono. Chichitikireni zimenezi sanapondenso pakhomo pathu, akuti alibe nkhope yoonera mwana. Ndinapita kwawo ku Mtakataka, ndinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba, ataonda. Ndinawauza kuti iwo anangokankha chitseko, amene anauza dziko lonse kuti chimatseguka ndi chala ndi ine. Anangoti, "Akulu anga akanakhalapo sakanachoka pamwana." Ndinawayankha kuti mukanakhalapo sitikanapita kumanda n'komwe. Anaseka pang'ono, kenako tinalira tonse. Lamulungu likubwerali ndikawatenga, afune asafune. Inunso muwalotetse maloto abwino, amakumverani kuposa ine.

Pamene panali galasi ndamatapo pulasitiki, galimoto ikamayenda imalira phapha ngati mbendera ya nduna. Pasiteji anyamata akunditcha a Chala. Ndimaseka nawo, nanga nditani. Madalaivala anzanga ndimawauza kuti mabatani ndi abwino, koma amadya batire lomwe nyali zimadya, ndipo tsiku limene latha amatha limodzi. Ndimawauzanso kuti mwana asatsale m'galimoto ngakhale kwa nthawi yoyala nkhata imodzi. Akudabwa kuti Fabiyano wayamba kulalikira. Kiyi tsopano ndimamuvala m'khosi pa chingwe chakuda, mkati mwa malaya. Rozina anasulitsa wina ku Salima, amamumanga pamfundo ya nsalu. Timabatani tija sindinatikhudzenso. Chala chikayamba kuyabwa ndimachiika m'thumba.

Ndinabwereranso ku chiliza ndekha kudzachotsa nkhata zofota. Munandiona? Ndinafuna kukuuzani kuti munanena zoona, koma pakamwa panga mukupadziwa, ndinayamba kukusimbirani za mbuzi. Ndiye ndalemba pano. Munanena zoona, amayi. Mukanakhala moyo mukanatulutsa kolona m'thumba, n'kutsegula chitseko osanena kanthu, kenako mukanandinyoza chaka chathunthu. Kunyozako ndikukufuna. Masiku ano ndikanama palibe amene amati, "Chepetsa, Fabiyano."

Sofiya akadzakula, akadzafika pololedwa kulowa kumanda, ndidzabwera naye atagwira dzanja langa kuti adzayale nkhata yake. Ndikulonjeza kuti ndidzamuuza nkhaniyi momwe inachitikira, osawonjezera ngakhale pang'ono, ngakhale mukudziwa kuti kwa ine chimenecho ndi chilango chachikulu. Kiyi uja musungeni, musamubwereketse kwa anthu a kumeneko. Tsiku langa likadzakwana sindidzabwera ndi manambala. Ndidzaima panja n'kugogoda, inu mudzanditsegulire.

Ndine mwana wanu wokukondani, dalaivala wanu,

Fabiyano